Mzati wa Kumanzere

Chiwagwirireni sitiroko amuna anga, a Burhan, ine ndimayenda kumanzere kwawo, mbali imene inafa. Ndimalowetsa phewa langa kukhwapa kwawo, n'kukoloweka mkono wozizirawo pakhosi panga, ndipo timachoka pabedi kupita kubafa, kuchoka kubafa kupita pakhonde, pamene amakhala n'kumayang'ana minda ya tiyi kutsidya. Tsiku limene adzuka bwino ankanditchula Wani.

"Wani, kweza phewalo. Watsika kwambiri."

"Ndine wamfupi, bambo. Munandikwatira mukuona."

"Mzati wanji wotere? Ngakhale ana a sukulu sakanakutenga."

Mawu awo amatuluka mokoka chifukwa pakamwa panapotoka, koma ine ndimawamva onse.

Dzina la Wani silinali langa. Pa ragibi, amuna akamawerama kuti akankhane pa sikiramu, kutsogolo kumakhala anthu atatu. Kumanzere kumakhala mzati wovala nambala wani, kumanja mzati wovala nambala firi, ndipo pakati pawo pamalendewera nambala thu, amene ntchito yake ndi kukowa mpira ndi phazi. Wapakatiyu manja ake onse amakhala pamapewa a anzakewo, moti sangadzitchinjirize. Mizati ikamusiya, kulemera kwa anthu onse aja kumatsikira pakhosi pake. Ku kalabu yathu ya Medakanda, kwa zaka zambiri, Thu anali a Burhan, Firi anali a Velusamy, ndipo Wani anali a Piyadasa, amene dzina lawo silinkatchulidwa m'nyumba mwathu.

A Velusamy sanatitayepo. Lachisanu lililonse amabwera pa tukutuku wawo, kagalimoto ka mateyala atatu konyamula anthu, phulusa la kukachisi lili pamphumi, kudzawameta ndevu anzawowa ndi kuwaperekeza kumzikiti. Iwo salowa. Amadikira panja pamthunzi, pafupi ndi nsapato za amuna anga, ngati pali munthu amene angazisirire. Ndinaona kalekale kuti asanayambe kumeta amayamba aviika lumo m'madzi ofunda, ndiponso kuti tsaya lakufalo amalimeta mofatsa kuposa lamoyo, ngakhale mwini wake sangamve kusiyana. Sindinawauzepo kuti ndimaona. Ndimangowatchula dzina ndikamapemphera.

Lachisanu lina, nkhungu itachedwa kuchoka m'phiri, a Velusamy anameta tsaya lonse osalankhula, zomwe sizinali zawo.

"Wakwiya chiyani, machang?" anafunsa amuna anga, powatchula monga amatchulirana mabwenzi kuno. "Akumana mpunga kunyumba?"

"Atichotsa mu ligi."

"Ndani?"

"Angakhalenso ndani? Akuluakulu a ligi ku Colombo. Komanso sanalakwe. Chaka chino takhala tikupita kokasewera anthu osakwana. Ulendo watha uja tinaveka jezi woyendetsa basi."

"Anasewera bwanji?"

"Kuposa mdzukulu wanga."

Anaseka onse awiri, koma kusekako kunathera panjira. A Velusamy anapukuta lumo pathaulo.

"Masewero omaliza ndi Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Tikatha pamenepo, bwalo libwerera kwa eni munda. Akuti adzalapo karoti ndi kabichi."

Theka la nkhope ya amuna anga linali likadali thovu la sopo.

Bwalolo analisalaza ndi makasu ndi antchito a m'munda, kuti azungu a tiyi azikhala ndi posewerera Loweruka. Lili m'chigwa, tiyi mbali zonse, ndipo kuchokera kunyumba ya kalabu pamtunda munthu amatsika masitepe amiyala, opapatiza, a ndere. Masiku amenewo anthu athu ankaonera ali m'tiyi. Apongozi anga, amene anali kalaliki kufakitale, anamwalira asanapondepo udzu umenewo. Bambo a a Velusamy ankauponda, koma ali ndi chikwakwa m'manja. Boma litatenga minda, azungu n'kuyamba kuchepa, kalabu inasowa anthu ndipo chitseko chinatseguka. A Burhan ankakonda kunena kuti sanawaitane chifukwa chowakonda, ankangoperewera. Komabe kalabuyo anaitenga ngati mwana wawo. Ankasewera m'chikho ndi makalabu akuluakulu a ku Colombo ndi ku Kandy, ndipo alendowo ankafika atasanza m'makona a msewu, n'kumabanika ndi mphepo yathu yozizira.

"Ndikufuna kukauponda udzuwo," anatero amuna anga.

"Ndawauza kale anyamata. Akunyamula pampando."

"Sindine thumba la masamba a tiyi. Ndinkatsika masitepe amenewo ndi mapazi anga. Nditsikanso ndi mapazi anga."

"Chabwino, ine ndigwira kumanja. Nanga kumanzere? Alamu angawa?"

Anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu. Pasimenti ya m'nyumba ndimatha, koma pamasitepe aja tikanagubuduka tonse.

"Tipeza mnyamata wa mphamvu zake," anatero a Velusamy.

"Anyamata a masiku ano amagwira munthu ngati akugwira mbuzi. Kumanzere kwanga kuli mwini wake."

A Velusamy anatsitsa lumo.

"Ukudziwa zimene ukunenazo?"

"Muitane. Abwere ndimuuze zimene ndamusungira zaka zonsezi. Akamva, anditsitse. Ndi ntchito yake, anaithawa yekha."

Zimene anawasungira a Piyadasa ndi izi. Pa sikiramu, wolowetsa mpira amayang'ana dzanja lamanzere la Thu, limene limakhala paphewa la Wani. Thu akagogoda ndi zala, mpira umalowa ndipo onse amakankha. Matimu onse ankatero. Koma atatu a Medakanda anali ndi kachinsinsi kawo, kamene ankakasungira masiku a chikho. Kugogoda koyamba kunkakhala konamiza. Adani ankathamangira kukankha n'kutaya mphamvu pachabe, kapena woimbira mpira ankawalanga, ndipo mpira unkalowa pa kugogoda kwachiwiri. Anagwetsa nako matimu a anthu olemera kuposa iwo.

Chaka china kalabu ina yaikulu ya ku Colombo inawapezera a Piyadasa ntchito, monga zinkachitikira ndi aliyense wamphamvu wa kumapiri kuno. Anali ndi ana aang'ono ndi mayi odwala, choncho palibe amene anawanena. A Burhan anawanyamulira okha sutukesi mpaka kusiteshoni. Chaka chomwecho maere anatigwetsera kalabu yomweyo pa masewero olowera ku fainolo ya chikho, kumene Medakanda inali isanafikepo. Ine ndinalipo tsikulo ku Colombo, ndili ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Kuyambira sikiramu yoyamba, a ku Colombo sanasunthe pa kugogoda koyamba. Pa kwachiwiri anabwera ndi mphamvu zawo zonse. Anyamata athu anakankhidwa chobwerera masana onse. Wezulo yomaliza italira, a Piyadasa anabwera atatambasula dzanja, koma amuna anga anawalambalala ngati mtengo. Medakanda sinafikenso pamenepo, ndipo awiriwa sanalankhulanenso.

Nambala ya foni anaipeza ndi a Velusamy, koma woimba ndinali ine, chifukwa a Burhan pafoni samveka. Anayankha ndi mwana wamkazi wa a Piyadasa, Nilmini, amene ndinamuona komaliza ali kumsana. Ndinamufotokozera zonse.

"Anti, bambo alipo, koma si aja munkawadziwa. Thupi lili bwino, akhoza kusenza thumba la mpunga. Mutu ndi umene unapita. Ine amanditchula dzina la mayi awo. Masiku ena amandifunsa ngati ndine nesi."

"Za ragibi amakumbuka?"

"Tikawayatsira pa kanema amagona."

Ndinati ndipepese n'kudula, koma anapitiriza.

"Ndiwabweretsa, anti. Mwina mphepo ya kumapiri iwachitira bwino. Chiyambireni kudwala, ndinu oyamba kuimba kuwafuna."

Amuna anga ndinawauza madzulo, titatha kuswali.

"Akunamizira," anatero. "Munthu ameneyo ankanamizira kukomoka akafuna kupuma."

"Mwana wawo sanganame, bambo."

"Akandiona akumbuka. Nkhope iyi siiwalika, ngakhale inapotoka."

Masiku otsatira, ndikamapala kokonati kukhitchini, ndinkawamva pakhonde akudziphunzitsa kulankhula. Ankafuna kuti mawu awo adzatuluke owongoka. "Unatigulitsa." Liwulo linkawakanika pakati, lilime n'kugwa. Ankapukuta pakamwa ndi dzanja lamoyo n'kuyambiranso. Zimene anawauza a dokotala kuti azichita sanazilimbikirepo choncho. Ine ndikagwada pamkeka wanga sindinkadziwa choti ndipemphe, kaya kuti amvedwe kaya kuti aiwale. Ndinkangopempha kuti atsike bwino masitepe aja.

Lowerukalo kunacha kopanda mvula. A Velusamy anatisiya kunyumba ya kalabu n'kupita kusiteshoni ya ku Hatton kukatenga alendo athu obwera pa sitima. Amuna anga anavala jezi yawo yakale yobiriwira, imene ndinaisoka kukhwapa ndipo tsopano inkawalendewera. Ndinawakankha pachikuku m'mbali mwa khoma la zithunzi. Koyambirira kwa khomalo kuli azungu okhaokha a ndevu zapamlomo, ndipo munthu akamayenda nkhope zimanka zida. Tinaima pa chithunzi cha chaka cha chikho chija. Anachiyang'ana pang'ono n'kundiuza kuti ndiwatembenuzire kuchitseko.

Anthu anabwera ambiri. Ena sanabwerepo kudzaiona kalabu ili moyo. Amayi othyola tiyi anakhala m'mizere ya tiyi pamtunda, pamene pankakhala amayi awo. Mmodzi wa iwo, amene sindimudziwa dzina, anakwera kudzandipatsa nthochi ziwiri, akuti za bambowo.

A Piyadasa analowa atagwira mkono wa mwana wawo. Anali akadali chimunthu, mapewa odzaza chitseko, tsitsi loyera, malaya oyera ositidwa bwino omangidwa mpaka pakhosi. Makutu awo anali opindikapindika ngati a amuna anga. Ankapereka moni kwa aliyense, manja ataphatikiza pachifuwa.

"Ndamuyesa njira yonse," a Velusamy anandinong'oneza. "Amanditchula a dalaivala." Kenako anakweza mawu. "Wani, galu iwe, wafika kwanu. Sukuona?"

"Zikomo, bwana," anayankha mwaulemu.

Nilmini anawabweretsa kutsogolo kwa chikuku. Amuna anga anadziwongola mmene akanathera.

"Piyadasa."

"Moni, bambo. Mwadwala?"

"Ukundidziwa?"

A Piyadasa anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mwana wawo ngati mwana wa sukulu amene wafunsidwa zimene sanaphunzire.

"Ndi a Burhan, bambo. Munkasewera nawo mpira."

"Oo, chabwino, chabwino. Mwachita bwino kubwera."

Amuna anga anagwira chikuku ndi dzanja lamoyo.

"Unatigulitsa," anatero. Liwulo linatuluka lonse, lowongoka, kwa nthawi yoyamba. "Ku Colombo, tsiku la chikho. Unawauza za dzanja langa."

A Piyadasa anamvetsera atapendeketsa mutu, monga mmene munthu amamverera mavuto a mlendo m'basi.

"Pepani kwambiri," anatero. "Ndi anthu oipa amenewo. Munakanena kupolisi?"

A Piyadasa anapisa m'thumba, natulutsa siwiti imodzi, n'kuiika m'dzanja lamoyo la amuna anga. Kenako anaona malovu amene anatsika pakona ya mlomo chifukwa cha kulankhula kuja. Anatulutsa kampango kawo, nawerama, n'kuwapukuta mofatsa. Amuna anga anatsinzina. Nilmini anapita pawindo.

Kumunsi anyamata anali atayamba kale kuthamangathamanga. Kapitawo wa timu yathu anakwera masitepe n'kudzaima pakhomo.

"Amalume, anzanu akale onse atsika kale. Tikufuna tiyambe muli pomwepo. Tikunyamuleni?"

Amuna anga sanamuyang'ane.

"Zareena, tiye tizipita kunyumba."

Panali patapita nthawi asananditchule dzina langa. Ndinagwira zogwirira za chikuku, koma a Velusamy anandichotsa manja.

"Pepani, alamu." Anawerama pamaso pa mnzawoyo. "Sindinalawirire kusiteshoni kuti ndidzakuone ukulira ngati mbuzi yomangidwa. Unati utsika. Utsika."

"Ndi ndani? Ndi mtembo woyendawu?"

"Nanga iwe ndiwe chiyani? Theka la mtembo. Ine ndekha ndi amene ndatsala wathunthu, ndiye undimvere."

Anakankha chikuku mpaka pamwamba pa masitepe. Anawadzutsa, nalowa kumanja kwawo, mkono wa a Burhan paphewa, wawo kumsana utagwira jezi. Ine ndinalowa kumanzere monga mwa masiku onse, kuti angoima. Bwalo linali pansi pathu, lobiriwira, mizere yoyera itapakidwa kumene.

A Velusamy anatembenuza mutu, nafuula ndi mawu amene ndinali nditawaiwala, mawu a pabwalo.

"Wani! Lowa!"

A Piyadasa anasiya mkono wa mwana wawo. Anabwera molunjika, ine n'kuchoka. Sanayang'ane nkhope ya munthu aliyense. Anatsitsa phewa, nalowa kukhwapa kwa amuna anga, napititsa mkono wamanja kumsana, pamwamba pa wa a Velusamy, n'kugwira jezi m'chiuno. Atakoka, atatuwo anakhala ngati munthu mmodzi, ndipo ndinaona mapazi a amuna anga akupepuka. Ndinanyamula mkono wakufa uja n'kuuika paphewa lawo. Anagwedeza phewalo pang'ono kuti dzanja likhale pamalo pake.

"Wapepuka, Thu," anatero, maso ali pansi kutsogolo. "Sukudya?"



"Mkazi amandimana," anatero amuna anga.

"Ndinakuuza kuti ndi wovuta," anatero a Piyadasa.

A Velusamy anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwamva, alamu? Tiyeni, anyamata."

Anaponya phazi, koma a Piyadasa sanasunthe. Atatuwo anapotoka pang'ono, a Velusamy n'kubweza phazi lawo.

"Tiye, machang. Pang'onopang'ono."

Sanasunthe.

"Bambo, yendani," anatero Nilmini kumbuyo kwanga.

Anali ataima ngati mtengo wokumbiridwa, miyendo yotangadza, mutu wowerama, ngati akumvetsera chinachake. Woyamba kuzindikira anali amuna anga. Ndinawaona akutembenuza maso kuyang'ana dzanja lawo lamanzere paphewa paja. Mitsempha ya pakhosi inatupa. Anayesa, anayesanso. Zalazo zinangogona pamalaya oyerawo.

"Akudikira dzanja," anatero motsitsa.

Ine ndinali kumbuyo kwawo. Ndinatchula dzina la Mulungu mumtima, ndinaika dzanja langa pamwamba pa lawo, n'kukanikiza zala zawo paphewa la a Piyadasa.

A Velusamy anasuntha. Anali ataiwala. A Piyadasa sanasunthe.

Ndinadikira kupuma kumodzi, n'kukanikizanso. Anaponya phazi.

Tinatsika pang'onopang'ono. Ine ndinkabwera pambuyo, nditagwirizira mkono uja kuti usagwe. Phazi lamanja la amuna anga linkafufuza mwala lokha. Lamanzere linkakokeka, ndipo a Piyadasa ankalikweza ndi ntchafu yawo popanda wowauza. Pamalo ena a Velusamy anaterereka pa ndere, natukwana m'chinenero cha amayi awo, koma mbali ya kumanzere inagwira zonse. Anthu amene anali m'masitepe ankapatuka n'kulowa m'tiyi. Sindikukumbuka ngati anawomba m'manja. Ndinkangomva kupuma kwa amuna atatuwo.

Titafika pansi, amuna anga anati, "Ndivule nsapato."

Ndinagwada n'kuwavula. Anaponda udzu. Phazi lamanja linapinda zala n'kuugwira. Anaima choncho pakati pa mizati yawo, akuyang'ana mitengo ya zigoli imene utoto wake unali utasupuka. Anyamata a matimu onse awiri anasiya kuthamanga, ndipo palibe amene anawafulumizitsa.

"Basi," anatero amuna anga.

Anawakhazika pabenchi m'mbali mwa bwalo. A Piyadasa atangochotsa mkono wawo, anayang'ana uku ndi uku mwamantha mpaka anaona mwana wawo. Kenako anaona munthu wa jezi yobiriwira pabenchipo, naphatikiza manja.

"Moni, bambo. Mwadwala?"

Amuna anga anawayang'ana.

"Pang'ono," anatero. "Khalani apa. Malo alipo."

Anakhala kumanzere kwawo. Nilmini anaveka bambo ake juzi, ine ndinagawa roti, timikate tathu topyapyala, ndi tiyi wa m'fulasiki. Masewero anayamba. Medakanda inagonja, ndipo sikiramu yathu inkabwerera m'mbuyo ngati kabati yokankhidwa. A Velusamy anatukwana woimbira mpaka mawu anawathera. Chigawo chachiwiri chisanafike patali, a Piyadasa anayamba kusinza, mutu wawo n'kutsamira paphewa la amuna anga. Nilmini anadzuka kuti awachotse.

"Asiye, mwanawe," anatero a Burhan. "Mbali imeneyo sindimva kanthu."

Pobwerera kumtunda anyamata anawanyamula pampando, ndipo sanakane. Nilmini anafuna kupeza sitima ya madzulo. Anandikumbatira, nandiuza kuti bambo ake sanadyepo roti zambiri chonchi chaka chonse. A Piyadasa anatsanzika aliyense mwaulemu, nathokoza a dalaivala pasadakhale, n'kukwera tukutuku. Sanacheuke kuyang'ana bwalo.

Kunyumba ndinawasambitsa amuna anga mapazi, chifukwa udzu unali utamatirira pakati pa zala. Dzuwa litalowa tinaswali, iwo ali pampando, ine pamkeka. Nditamaliza ndinawapeza akuyang'ana siwiti ija, imene anaifumbata tsiku lonse.

"Sanayende pa koyamba," anatero.

"Ndinaona."

"Velu anayenda. Velu amene amabwera kuno Lachisanu lililonse." Anatembenuza siwitiyo m'dzanja. "Sindimafuna kumutukwana, Zareena. Ndimafuna anditukwane nayenso, kenako andiuze chifukwa chake. Mwina anamukakamiza. Mwina anangoona okha. Tsopano ndifunsa ndani?"

Anayesa kumasula pepala la siwitiyo ndi dzanja limodzi, koma linkawapulumuka. Ndinawamasulira. Anaiika m'tsaya lamoyo n'kukhala nayo mpaka inasungunuka.

Bwalo analigawula mvula itayamba. A Velusamy anabwera ndi nkhaniyo Lachisanu, nati kabichi wa pamenepo sadzamudya ngakhale atamupatsa ulere, chifukwa akudziwa zimene amuna ankalavulira pamalopo. Amuna anga anaseka pang'ono. Nilmini ndimamuimbira nthawi ndi nthawi. Akuti bambo ake ali chimodzimodzi, ndipo za ulendo wa kumapiri sakumbuka.

M'mawa uliwonse ndimalowabe kumanzere, n'kukoloweka mkono uja pakhosi panga. Phewa langa likadali lotsika, koma sandiuzanso kuti ndilikweze, ndipo dzina la Wani sananditchulenso. Amangoti, "Tiye, Zareena," ndipo timapita pakhonde.